Funsani Akatswiri: Makatani Oyenda Okha, Dzuwa Lothobwa M'maso ndi Satifiketi ya Nyumba

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za makatani a pazenera amene amatsika ndi kukwera okha ndi mota, komanso mmene amawerengedwera nyumba ikamafunsiridwa satifiketi yosonyeza kuti inamangidwa mosamala chilengedwe kapena thanzi la anthu okhalamo, monga LEED, WELL kapena BREEAM. Akuyankha ndi akatswiri a za kuwala m'nyumba pamodzi ndi amisiri oika makina oyendetsa makataniwa.

Tikujambula nyumba ya maofesi ya magalasi mbali zonse zinayi, ndipo mwini wake akufuna LEED. Wogulitsa makatani wandiuza kuti popanda makatani a mota sitipeza pointi ndi imodzi yomwe ya kuwala kwa masana. Kodi n'zoona? — Mayi wojambula mapulani

Mayi, wogulitsayo wathira mchere wambiri. LEED, imene ndi ya bungwe la U.S. Green Building Council la ku America, m'mabuku ake a v4 ndi v4.1 imangoti chipinda chilichonse chimene anthu amakhalitsamo chikhale ndi chotchingira kuwala kothobwa m'maso. Chotchingiracho chikhoza kukhala chokoka ndi dzanja kapena choyenda chokha, koma chikakhala choyenda chokha payenera kukhala njira yoti munthu achiyendetse yekha akafuna. Choncho katani ya tcheni nayonso imakwanira. Zipinda zowerengedwazo ndi zimene munthu amathamo nthawi yoposa ola limodzi pa tsiku akugwira ntchito kapena kuphunzira. Makolido, zimbudzi ndi mosungira katundu sizilowa.

Mapointi enieniwo, amene saposa 3, amachokera pa kuchuluka kwa kuwala kwa masana kofika m'zipinda, ndipo apa m'pamene mota imathandiza. Mu v4.1, mukasankha njira yowerengera kuwala kwa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana pa tsiku lopanda mitambo, nyengo imene usana ndi usiku zimafanana kutalika, kuwalako kuyenera kukhala pakati pa ma lux 300 ndi 3,000 (lux ndi muyeso wa kuwala kogwera pamalo). Malo oyandikira galasi kawirikawiri amapitirira 3,000 ndipo amatayika pa chiwerengero. Koma chipinda chokhala ndi makatani oyenda okha amene salepheretsa kuona kunja chimangofunika kusonyeza kuti chafika pa 300, malire a pamwambawo amachotsedwa. Mfundo yofanana nayo inalinso mu LEED 2009. Mawu oti kuona kunjawo muwagwire bwino: nsalu yotsekeratu kuwala, ija ya m'zipinda zoonetsera zithunzi, siili m'gulu limeneli.

WELL v2 imapereka pointi 1 pa makatani a dzanja ndi 2 pa oyenda okha. BREEAM ya ku Britain imafuna kuti chotchingiracho chithetse kuthobwa popanda kuchititsa kuti magetsi aziyaka masana. LEED v5 inatuluka mu 2025, choncho yambani mwaona buku limene nyumba yanu inalembetsedwa nalo musanawerengere pointi iliyonse.

Chifukwa chenicheni chogulira mota ife timachiona kwina. Kutsitsa katani aliyense amatsitsa, chifukwa dzuwa likamuwomba m'maso sachedwa kudzuka pampando. Kukweza ndiye palibe amene amakumbukira. Dzuwa la theka la ola limasiya katani ili chotsekera masiku ambirimbiri, magetsi akuyaka, galasi lodula lija lasanduka khoma. Ntchito yaikulu ya mota ndi kubwezera katani m'mwamba dzuwa likangochoka.

Ndayesa nyumba pa kompyuta ndipo zipinda za kumadzulo zikupereka ASE ya 18 peresenti. Ndaika makatani oyenda okha m'pulogalamumo koma nambala sinasunthe. Ndalakwitsa pati? — Bambo injiniya

Simunalakwitse, bambo. Miyeso iwiri imene LEED imagwiritsa ntchito, sDA ndi ASE, inachokera m'chikalata cha LM-83 chimene bungwe la Illuminating Engineering Society linatulutsa mu 2012, ndipo iwiriyi imaona makatani mosiyana. ASE imawerenga gawo la chipinda limene limalandira dzuwa lolunjika loposa ma lux 1,000 kwa maola oposa 250 pa chaka, ndipo imawerengedwa makatani onse ali m'mwamba. Cholinga chake n'kuyesa nyumbayo payokha, mmene yayang'anira dzuwa ndi kukula kwa magalasi ake. Zimene zingatsitse nambalayo ndi zinthu zosasuntha: kadenga kotulukira pamwamba pa zenera, timapiko toimirira m'mbali mwake, kapena kuchepetsa galasilo. Kumadzulo kadenga sikathandiza kwenikweni chifukwa dzuwa la madzulo limalowa chopingasa pansi pake.

Mu v4 malire a ASE ndi 10 peresenti. Mu v4.1 chipinda chopitirira 10 sichikanidwa, koma mumalemba kufotokoza mmene kuthobwa kudzathetsedwere m'chipindamo. Makatani anu oyenda okha malo awo ndi m'kalata imeneyo.

sDA yokha ndiyo imamva makatani. Imawerenga gawo la chipinda lofika ma lux 300 kwa theka la nthawi ya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo chaka chonse, pa timadontho toyezerapo kuwala totalikirana mamilimita osaposa 600, masentimita 76 kuchokera pansi. Pa ola lililonse limene timadontho toposa 2 peresenti tili padzuwa lolunjika, pulogalamu imatseka makatani a gulu la mazenera limenelo. Nsalu yanu ikakhala yothinana kwambiri, maola otsekawo kuwala kumagwa ndipo sDA imatsika nayo. Mu v4.1, 40 peresenti imapatsa pointi 1, 55 imapatsa 2 ndipo 75 imapatsa 3. Lowetsani manambala a nsalu yeniyeni imene idzagulidwe. Nsalu ikasinthidwa pomanga kuti ndalama zipulumuke, chiwerengero chonse chibwerezedwe.

Tinaika makatani a mota a nsalu yoyera ya 5 peresenti. Amatsika pa nthawi yake bwinobwino, koma okhala kuzenera la kum'mawa akutsinzinabe ndipo ena amata mapepala pagalasi. Vuto ndi makina kapena chiyani? — Mayi woyang'anira ofesi

Makina alibe mlandu, mayi. Vuto ndi nsalu, ndipo kulakwitsa kumeneku n'kofala kuposa kwina kulikonse pa nkhani ya makataniwa.

Nambala ya 5 peresentiyo opanga amaitcha openness factor. Imanena gawo la nsalu limene ndi timabowo. Palinso nambala ina, imene imalembedwa Tv, yonena kuwala konse kodutsa, m'timabowo ndi mu ulusi momwe. Ulusi wakuda umameza kuwala, choncho Tv ya nsalu yakuda imayandikira openness factor yake. Ulusi woyera umadutsitsa kuwala n'kukumwaza, moti Tv yake imatha kuposa ya yakuda kangapo ngakhale timabowo n'tofanana. Dzuwa likaomba nsalu yoyera, nsalu yonseyo imayaka ngati chinyali chachikulu pambali pa sikirini, ndiponso kunja sikuoneka bwino chifukwa diso limakodwa pa kuwala kwa ulusiwo. Pa nsalu yakuda munthu amaona mitengo ndi msewu bwinobwino.

Chachiwiri ndi mpira wa dzuwa weniweniwo. Kuwala kwake kumafika pafupifupi ma candela 1.6 biliyoni pa sikweya mita (muyeso wa kuwala kochokera pa chinthu), pamene sikirini ya kompyuta imakhala pa 200 kapena 300. Nsalu ya 5 peresenti imasiyabe mamiliyoni makumi angapo, ngakhale galasi litachotsapo theka. Dzuwa likakwera, makulidwe a ulusi amatchinga timabowo ndipo mpirawo umabisika. Koma kum'mawa ndi kumadzulo dzuwa limakhala pansi, loyang'anizana ndi zenera maso ndi maso, ndipo limaloza m'timabowo mwachindunji. N'chifukwa chake kumbali ziwirizi timalangiza 1 mpaka 3 peresenti, ndipo desiki ikayang'ana kuzenera, 1 peresenti. Nsalu ya 5 mpaka 10 peresenti ndi ya khoma limene dzuwa siliomba kawirikawiri.

Wina angati nsalu yakuda imatentha, ndipo akunena zoona: imameza kutentha n'kukutulutsira m'chipinda. Mankhwala ake ndi nsalu ya nkhope ziwiri, yakuda m'kati koma yoyera kapena yokutidwa ndi kachitsulo konyezimira kumbali yoyang'ana galasi.

Ofuna kuyeza ndi manambala amagwiritsa ntchito DGP, muyeso wa kuthobwa m'maso umene Wienold ndi Christoffersen anafalitsa mu 2006. Pansi pa 0.35 kuthobwa sikumveka, kupitirira 0.40 kumasokoneza, ndipo kupitirira 0.45 sikupiririka. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 17037 umatenga malire omwewa n'kunena kuti asapyoledwe kwa nthawi yoposa 5 peresenti ya maola ogwira ntchito. Muyezo wa EN 14501 umaika nsalu m'magulu kuyambira 0 mpaka 4 pa kuteteza maso, choncho funsani wogulitsa gulu la nsalu yake.

Musanagule ina, pemphani zidutswa zitatu zosachepera mita imodzi m'lifupi. Zipachikeni pazenera lovutalo pa ola limene dzuwa limalowa, munthu akhale pa desiki yake sikirini ili yoyaka, ayang'ane sikirini, kenaka zenera, kenaka sikirininso. Ngati akufunika kudikira kuti zilembo zionekenso, nsaluyo yalephera. Kachidutswa kongokwana m'dzanja kooneredwa pansi pa babu m'chipinda cha misonkhano sikakuuzani kanthu. Mamota ndi mapaipi amene muli nawo akhoza kukhala momwemo, nsalu yokha ndiyo isinthidwe.

Makatani amene ndaika akuchedwa kutsika dzuwa litalowa kale, ndipo tsiku la mitambo yoyendayenda akungokwera ndi kutsika. Ndiyambire pati kukonza? — Mmisiri wa zamagetsi

Amisiri, amenewa ndi matenda awiri osiyana.

Kuchedwako kuli m'manambala amene makina anapatsidwa. Makina abwino sadikira sensa, kachipangizo koyeza kuwala, kuti adziwe pamene dzuwa lili. Amawerengera okha kuchokera pa latitude ndi longitude ya nyumbayo, tsiku, nthawi, ndi kumene khoma lililonse layang'ana. Onani zinayizi chimodzichimodzi. Chimene chimalakwika kwambiri ndi kumpoto. Muvi wa papulani nthawi zina umangosonyeza kumpoto kongogwirizana pojambula, ndipo kampasi imaloza kumpoto kwa maginito, kumene m'madera ena kumasiyana ndi kumpoto kwenikweni ndi madigiri oposa 10. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola m'njira yake, choncho kuphonya kotereku kungachedwetse katani ndi theka la ola kapena kuposa. Onaninso wotchi ya makinawo, makamaka m'mayiko amene amasuntha nthawi ndi ola limodzi m'chilimwe. Khoma lokhota lisaikidwe m'gulu limodzi. Ligaweni m'zigawo, chilichonse ndi madigiri ake.

Kenaka pali nambala yonena mtunda umene dzuwa likuloledwa kulowa m'chipinda. Tinene kuti mwalola mita imodzi kuchokera pagalasi, poyezera pansi. Dzuwa likakhala pa madigiri 60 poliyang'ana molunjika kuchokera pakhomalo, mlomo wa katani uyenera kuima mamita 1.73 kuchokera pansi. Pa madigiri 45 utsike kufika mita imodzi, ndipo pa madigiri 20 ufike masentimita 36. Ngati zenera limayambira masentimita 80 kuchokera pansi, ndiye kuti dzuwa likangotsika pansi pa madigiri 39 katani imatsekeratu. Mtundawo muuyeze kuchokera pamene pali desiki yoyamba yeniyeni, osati ya papulani, chifukwa mipando imasuntha anthu akalowa. Ndipo katani isamatsate dzuwa pang'onopang'ono mphindi iliyonse. Ipatseni malo oima anayi kapena asanu ofanana pa khoma lonse, kuti iziyenda kangapo kokha pa tsiku ndipo milomo yonse izikhala pa mzere umodzi.

Kukwera ndi kutsika kuja kumabwera malire otsitsira ndi okwezera akakhala nambala imodzi. Asiyanitseni. Poyambira mungaike kuti katani itsike sensa yoyang'anira khomalo ikapitirira ma lux 30,000 kwa mphindi imodzi, ndipo ikwere pokhapokha kuwala kukakhala pansi pa 20,000 kwa mphindi 15 kapena 20 zotsatizana. Kutsika kukhale kwachangu chifukwa maso sadikira, kukwera kukhale kodekha chifukwa mtambo umadutsa. Manambalawa mudzawakonze mutaona mmene nyumbayo ikuchitira.

Kwerani padenga mukaonenso sensa. Mthunzi wa thanki kapena wa mlongoti ukamaigwera ola limodzi pa tsiku, khoma lonse limatsegukira dzuwa pa ola limenelo. Fumbi ndi zitosi za mbalame zimaichititsa kuona ngati kunja kuli mitambo. Ndipo pali kuwala kumene kuwerengera kwa dzuwa sikungakudziwe: kunyezimira kochokera pa magalasi a nyumba yoyandikana, pa madzi kapena pa magalimoto oimikidwa, kumene kumatha kulowa pakhoma loti dzuwa lachokapo kale. Zipinda zotero zimafuna sensa yakeyake yomata pazenera.

Antchito akumatsitsa ndi kukweza makatani mmene afunira ndipo nyumba ikuoneka yosalongosoka kunja. Ndikufuna kuchotsa maswichi onse. — Bambo woyang'anira nyumba

Musatero, bambo. LEED imafuna kuti munthu athe kuyendetsa katani yekha, choncho kuchotsa maswichi n'kuchotsa chimene satifiketi inaimapo. Komanso munthu wolandidwa swichi sasiya kuthobwa m'maso. Amazula pulagi, amamangirira nsalu, kapena amaimika katoni pazenera, ndipo zimenezi makina sangazibweze.

Chofunika n'chakuti katani yoyendetsedwa ndi dzanja ibwerere yokha m'manja mwa makina. Ikani maola awiri kapena atatu, kapena mpaka dzuwa litachoka pakhomalo, ndipo usiku uliwonse zonse zibwerere mwakale. Swichi imodzi isayendetse mazenera a anthu 20, chifukwa imeneyo ndi mbewu ya mkangano. Igwire mazenera awiri kapena atatu. Ndiye muziwerenga zimene makina amasunga. Zenera limene anthu amalitsitsa tsiku ndi tsiku pa ola lomwelomwelo likukuuzani kuti pali kuthobwa kumene makina sakukuona. Limene amalikweza nthawi zonse likutanthauza kuti makina akutseka mopyola muyeso. Auzeninso antchito, ngakhale ndi kapepala ka mizere itatu pafupi ndi swichi, chifukwa chimene katani imatsikira ndi nthawi imene idzakwere. Katani yongoyenda mosadziwika bwino imakwiyitsa kuposa dzuwa.

Nyumba yathu ndi yakale, siling'i inatsekedwa kale. Tigule mamota a batire kapena tikoke mawaya? Ndipo n'chiyani chimawonongeka msanga? — Mwini nyumba

Pa mazenera ochepa ofikirika ndi dzanja, batire likwanira. Pa mazenera mazanamazana oyenda kangapo pa tsiku, kutchaja mabatire kumasanduka ntchito ya munthu wolembedwa, ndipo batire limodzi likafa katani imodzi imatsalira pakati ena onse atakwera. Kokani mawaya. Mamota a DC a mavoti 24 amayenda mwakachetechete ndipo waya wake ndi wopyapyala, koma mtunda ukatalika mphamvu imagwa m'njira ndipo katani ya kumapeto imatsalira. Tsatirani tebulo la wopanga la makulidwe a waya. Mamota a AC amanyamula nsalu zazikulu. Amene ali ndi malire oimira a makina wamba asalumikizidwe awiri pa swichi imodzi popanda relay yake, kachipangizo kolekanitsa magetsi a mota iliyonse, chifukwa magetsi amabwerera kuchoka mu mota ina kulowa mu inzake n'kuwononga malirewo. Ambiri amadzizimitsa okha akayenda pafupifupi mphindi 4 mosapuma, choncho mota ikaima poyesa, isiyeni izizire musanaitaye. Sankhani mamota amene amauza makina pamene katani yaima, ndipo mutsimikize kuti chilankhulo chawo, kaya KNX, BACnet kapena SMI, chikumvana ndi makina oyendetsa nyumba yonse.

Zowonongeka zambiri zimayambira pa tsiku lopachika. Paipi yokulungapo nsalu ikapendekeka ngakhale pang'ono, nsalu imayenda cham'mbali pokulungika, n'kumakhula chitsulo chogwirizira mpaka m'mphepete mwake mutayamba kusosoka. Paipi yopyapyala pa zenera lalikulu imapinda pakati ndipo nsalu imachita makwinya ooneka ngati chilembo cha V. Siyani mpata wa mamilimita pafupifupi 50 pakati pa nsalu ndi galasi, ndi kampata pamwamba ndi pansi kuti mpweya wotentha uzituluka. Mpweyawo ukatsekeredwa, pakati pa galasi pamatentha m'mphepete muli mozizira ndipo galasi losalimbitsidwa ndi moto polipanga likhoza kung'aluka. Pakati pa makatani awiri oyandikana pamatsala kampata ka zala ziwiri, ndipo kamzere ka dzuwa kodutsa pamenepo kamayenda pa madesiki ngati mpeni. Malumikizirowo agwere pa chitsulo chogawa mazenera, kapena muike tinjanji ta m'mbali. Ndipo alamu ya moto ikalira, makatani a pa zitseko ndi mazenera othawirapo akwere okha.

Kodi si bwino kuika makataniwo kunja, kapena kugula galasi lodzidetsa lokha? — Wophunzira za zomangamanga

Pa kutentha, chotchinga cha kunja chimapambana kutali chifukwa chimaimitsa dzuwa lisanadutse galasi, ndipo zimenezi zimathandiza pa mapointi a mphamvu za magetsi. Koma chimafuna sensa ya mphepo imene imachikweza mphepo ikakula, ndipo tsiku la mphepo ndi dzuwa pamodzi anthu amatsala opanda chowateteza. Nyumba zambiri zotere zimaikanso katani yopepuka m'kati ya maso okha. Galasi lodzidetsa lokhalo, lotchedwa electrochromic, limatha kuchoka pa 60 peresenti ya kuwala kufika pa 1 peresenti popanda chotsekereza kuona kunja, koma limatenga mphindi zingapo kuti lide, ndipo likada kuwala kwa m'chipinda kumapendekera ku buluu.

Kontirakitala akuti wamaliza ndipo akufuna ndisaine. Ndione chiyani, ndipo oyesa satifiketi adzafuna mapepala ati? — Mayi woimira mwini nyumba

Mapepala ndi awa, mayi: pulani yosonyeza zipinda zonse zokhalitsamo anthu ndi chotchingira cha zenera lililonse, chikalata cha nsalu chokhala ndi openness factor ndi Tv, lipoti la kuwerengera kapena kuyeza kuwala, ndi chikalata chofotokoza mmene makina amaganizira, kutanthauza malire a ma lux, mphindi zodikira, malo oima ndi nthawi yobwerera m'manja mwa makina. Chomalizachi ndicho chimasowa kawirikawiri, ndipo popanda icho wodzakonza pakapita zaka zitatu adzangoyerekeza.

Musanasaine, yendani ndi mmisiri. Aitane gulu lililonse pa dzina lake, inu muone ngati mazenera amene ayenda ndi a khoma loyenera. Mawaya osinthanitsidwa pakati pa kum'mawa ndi kumwera amapezeka motere. Phimbani sensa ndi chipewa, muwerenge mphindi mpaka makatani atakwera. Ivundukuleni dzuwa lili phwee, muwerengenso mpaka atatsika. Dinani swichi ya pakhoma, mudzabwerenso nthawi yoikidwayo itakwana kuti muone ngati katani yabwerera yokha. Zimitsani magetsi a makinawo n'kuyatsanso, muone ngati wotchi ndi malo oima zasungika. Onaninso ngati sensa yochepetsa magetsi a m'siling'i ili m'kati mwa chipinda osati pakati pa nsalu ndi galasi, chifukwa ikakhala pamenepo imaona dzuwa n'kuzimitsa magetsi anthu ali mu mdima kuseri kwa katani yotseka.

M'pangano mulembetse kuti mmisiri adzabwerenso kawiri, cha mu Juni ndi cha mu Disembala. Miyezi imeneyi dzuwa limafika kumapeto kwa ulendo wake kumpoto ndi kumwera, ndipo zenera limene linali phee pa tsiku losaina likhoza kulandira dzuwa lotsika lolowa mpaka pa desiki yachitatu. Gawo lina la malipiro lidikire maulendo awiriwo.